WhatsApp, Telegram ndi Facebook pa laputopu ya Linux: choti muike ndi choti muchisiye

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Matawale: "Ndine mphunzitsi wa sekondale. Ndinagula laputopu yakale ya RAM ya 4 GB, ndipo mwana wa achimwene anga amene ali ku Chanco anachotsamo Windows n'kuikamo Linux Mint 22, akuti Windows 10 yatha nthawi. Makinawo akuthamanga bwino, sindikudandaula. Koma ntchito yanga yambiri imadutsa pa WhatsApp, gulu la aphunzitsi, la makolo, la kumpingo. Manotsi ndi mapepala akale a mayeso timatumizirana pa Telegram. Ndinatsitsa WhatsApp ya pakompyuta koma ikukana kutseguka. Mu Software Manager ndinapeza ina yobiriwira, koma inati itsitsa zoposa 1 GB, pomwe ine bandulo ndimagula ya pa sabata. Mnyamatayo ali pa mayeso, sindifuna kumusokoneza. Ndiike iti, ndiike bwanji? Nanga Facebook?"

Zikomo aphunzitsi. Mnyamatayo musiyeni awerenge, izi mukhoza kuzilongosola nokha madzulo amodzi. Ndipo sanakulakwireni. Microsoft inasiya kutumiza zokonza za nthawi zonse za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imakana makina ambiri akale chifukwa imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Linux Mint 22 inatuluka mu 2024, inamangidwa pa mtundu wina wa Linux wotchedwa Ubuntu 24.04, ndipo izilandira zokonza mpaka 2029.

Fayilo imene ikukana kutsegukayo iyang'aneni dzina. Ndikukhulupirira kuti likuthera ndi .exe. Imeneyo ndi ya Windows basi, Linux siiwerenga. Palibe chimene mwawononga, ingoifufutani. Wina akhoza kukuuzani za Wine, pulogalamu imene imayendetsa zinthu zina za Windows pa Linux. Ndi yothandiza pa mapulogalamu ena akale, koma pa WhatsApp musatayirepo nthawi: kafayilo kanuko ntchito yake ndi kukaitana WhatsApp yeniyeni ku Microsoft Store, ndipo sitolo imeneyo pa Linux kulibe.

Nkhani yonse yagona pakuti waipanga pulogalamuyo ndani. Kampani ya Meta, mwini wake wa WhatsApp ndi Facebook, sinatulutsepo pulogalamu ya pakompyuta ya Linux. Ya Windows ilipo, ya Mac ilipo, ya Linux ayi. Choncho chilichonse chobiriwira chimene chikudzitcha WhatsApp ya Linux chinapangidwa ndi munthu wapadera, ngakhale chitaoneka chokongola bwanji. Eni ake a Telegram ndiye amapanga okha ya Linux. N'chifukwa chake malangizo anga pa ziwirizi akusiyana: Telegram iikeni, WhatsApp musaike kanthu.

Ndikati musaike kanthu sindikutanthauza kuti muzingodalira foni. Kuyambira Januwale 2015 pali WhatsApp Web, tsamba la eni ake limene limatseguka mu browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Firefox, ndipo Mint ili ndi kachida kosandutsa tsamba lililonse kuti lizikhala ndi windo lakelake ndi chizindikiro chake, ngati pulogalamu ina iliyonse. Kachidako dzina lake ndi Web Apps, kanabwera ndi Mint 20.1, ndipo mwa inu kali kale, simutsitsa.

Dinani Menu pansi kumanzere, lembani Web Apps, katseguleni. Dinani chizindikiro cha +. Pa Name lembani WhatsApp, pa Address lembani web.whatsapp.com, ndipo pambali pa adiresiyo pali kabatani kokatenga chithunzi cha tsambalo. Pa Browser siyani Firefox, dinani OK. Mukabwerera ku Menu muipeza. Idineni ndi batani la kumanja la mbewa n'kusankha Add to panel kuti izikhala pamzere wa pansi paja. Mukaitsegula muona kabokosi ka timadontho takuda, QR code. Tengani foni, tsegulani WhatsApp, dinani timadontho titatu pamwamba kumanja, Linked devices, kenako Link a device, n'kuloza kamera pa kabokosiko. Mafoni athu ambiri galasi la kamera linakalika kapena kusweka, ndipo amalephera kuwerenga. Zikatero musavutike ndi kupukuta ndi nsonga ya chitenje: pa tsamba lomwelo pali polowera ndi nambala ya foni, limakupatsani khodi ya zilembo ndi manambala 8 imene mumalemba pafoni.

Tsiku loyamba ipatseni mpata. Imakhala ikusamutsa mauthenga kuchokera pafoni, ndiye kwa munthu wa magulu ambiri ngati inu zimatenga kanthawi. Foni ndi laputopu zonse zikhale pa netiweki mpaka ithe. Ikafunsa zoti izikudziwitsani uthenga ukabwera, vomerani. Zikatha apo foni siifunikanso kukhala pa intaneti nthawi zonse kuti laputopu ilandire mauthenga. Nambala imodzi imalola zipangizo zinayi zolumikizidwa, ndipo foniyo ikakhala masiku 14 osatsegula WhatsApp, zonsezo zimatulutsidwa zokha. Ikakagona kwa okonza mafoni milungu iwiri musadabwe kupezanso QR code.

Njira imeneyi ili ndi ubwino wina umene anthu sauona msanga. Web App iliyonse ya Firefox imasunga zakezake, siisakaniza ndi inzake. Ngati muli ndi WhatsApp ziwiri, ina pa nambala ya TNM ya kuntchito, ina pa Airtel ya kunyumba, pangani ma Web App awiri, adiresi yomweyo, mayina osiyana. Mtengo wake ndi RAM, malo amene makina amasungamo zimene zatsegulidwa panthawiyo, chifukwa iliyonse ndi Firefox yathunthu yoyenda payokha. Pa 4 GB, WhatsApp imodzi, Firefox yofufuzira ndi LibreOffice Writer yolembera mayeso zimakwanirana. Mukawonjeza ziwiri zitatu, makina ayamba kukoka miyendo. Mukaona choncho tsekani ma Web App, tsegulani web.whatsapp.com mu Firefox ya masiku onse, dinani tabu yake ndi batani la kumanja n'kusankha Pin Tab. Sizokongola kwenikweni, koma palibe njira yopepuka kuposa imeneyo. System Monitor imaonetsa chimene chikudya RAM, muzisuzumiramo.

Tsopano yobiriwira ija. Mayina amene amapezeka kawirikawiri ndi ZapZap, Whatsie ndi WasIstLos. Mkati mwake zonsezi ndi chinthu chimodzi: injini ya browser yotsegula tsamba lomwelija la web.whatsapp.com, yovekedwa windo. Zimene zimawonjeza ndi zazing'ono koma ena amazikonda, monga kachizindikiro pafupi ndi wotchi koonetsa mauthenga amene simunawerenge, ndi kupitiriza kulandira mauthenga ngakhale mwatseka windo. Chimene tsamba la eni ake silichita, izonso sizichita. Batani limene simukuliona mu Firefox musayembekezere kulipeza mu ZapZap.

Musazisokoneze ndi GB WhatsApp imene achinyamata amagawana pafoni. Ijayi ndi WhatsApp yotsegulidwa m'mimba n'kusinthidwa, eni ake amailetsa, ndipo manambala amatsekedwa chifukwa cha iyo. Izi ndi zoveka chabe, tsambalo silisinthidwa. Komabe pali chimodzi choti muchiganizire. WhatsApp imabisa uthenga panjira yonse kuchoka kwa wotumiza, koma ukafika pa sikirini yanu umakhala utavundukulidwa, ndipo pulogalamu imene ikujambula windolo ikhoza kuuwerenga ikafuna. Chimene chimatilimbitsa mtima pa zitatu ndatchulazi n'chakuti malemba amene anazipangira ali poyera, aliyense wodziwa akhoza kuwafufuza. Fayilo ya .deb yochokera patsamba losadziwika, yolembedwa kuti WhatsApp for Linux, ilibe chitsimikizo chimenecho, ndipo poiika imakupemphani pasiwedi, kutanthauza kuti mwaipatsa ulamuliro pa makina onse. Mmene muli nkhani za ana a eni ndi manambala a makolo, ine sindingalolere.

Ena mwa mapulogalamu amene Software Manager imatenga ku sitolo ya pa intaneti ya Flathub ali ndi chizindikiro chakuti verified. Mint 22 imabisa a kumeneko amene alibe chizindikirochi pokhapokha mutasintha nokha, ndipo ndi bwino kusiya choncho. Koma chimangotanthauza kuti amene anaika pulogalamuyo m'sitolo ndi amene anailemba. Sichikunena kuti Meta yaivomereza.

Nanga 1 GB ija ikuchokera kuti, pulogalamu yongotsegula tsamba? Mu Software Manager muli katundu wa mitundu iwiri. Wina ndi System Package, wochokera m'nkhokwe za Mint ndi Ubuntu, amene amagwiritsa ntchito zida zimene zili kale m'makina, n'chifukwa chake amakhala wochepa. Wina ndi Flatpak, wochokera ku Flathub, amene sadalira za m'makina mwanu koma amaima pa maziko akeake otchedwa runtime, kuti pulogalamu imodzi izigwira pa Linux ya mtundu uliwonse. Mazikowo ndi mazana a ma MB, kuphatikizapo zoyendetsera zithunzi ndi zilankhulo. Zili ngati mnyamata amene wangoyamba kudziphikira ku Chikanda: nsima ya tsiku loyamba imadula chifukwa wagula mbaula, poto, mthiko ndi chipande, koma mawa lake amangogula ufa. Flatpak yoyamba ndiyo imapweteka. Yachiwiri ikakhala ya maziko omwewo imangotsitsa thupi lake. Vuto n'lakuti maziko alipo angapo, a Freedesktop, a GNOME ndi a KDE, ndipo amasinthidwa chaka ndi chaka, ndiye mukhoza kulipira kawiri katatu.

Mukafuna kuona bwino musanavomere, funsani mu Terminal, windo lolemberamo malamulo. Dinani Ctrl, Alt ndi T pamodzi, lembani:

flatpak install flathub com.rtosta.zapzap

Ikufunsani za runtime, kenako ikuonetsani mndandanda wa zidutswa zonse ndi kukula kwa chilichonse, n'kudikira yankho. Mukalemba n palibe chimene chimatsitsidwa. Dziwaninso kuti bandulo za WhatsApp yokha kapena Facebook yokha sizilipira zotsitsa za ku Flathub; pamafunika bandulo ya intaneti wamba, apo ayi zikudyerani mayunitsi. Ngati mtima uli pa ZapZap, dikirani tsiku limene muli pa Wi-Fi. Mukatero pitani mu Update Manager, Edit, Preferences, Automation, muonetsetse kuti ma Flatpak sakudzikonza okha, kuti muzisankha nokha tsiku. Mukadzaichotsa, lamulo lakuti flatpak uninstall --unused limasesa maziko otsala opanda ntchito.

Anzanu amene ali pa Ubuntu yeniyeni nkhani yawo ndi Snap, katundu wa kampani ya Canonical. Snap imayang'ana zatsopano kanayi pa tsiku n'kutsitsa yokha osafunsa, ndipo kwa munthu wa hotspot ya pafoni ndi mmene bandulo imathera iye akungolemba kalata. Auzeni alembe netiwekiyo kuti ndi Metered mu Settings, kenako sudo snap set system refresh.metered=hold. Inu sizikukukhudzani, Mint inatsekereza Snap kuyambira mtundu wa 20, mu 2020.

Telegram ndiye yosavuta, ndipo pano mupeza pulogalamu yeniyeni, yopepuka kuposa tsamba la mu browser, yabwino kwambiri pa ma PDF ndi mafayilo akuluakulu. Ili pa Flathub, koma chifukwa cha maziko aja, kwa inu ndikusankhirani njira ina. Pitani pa desktop.telegram.org, onetsetsani kuti adiresi ndi imeneyo ndendende, dinani Get Telegram for Linux. Mutsitsa fayilo yoyamba ndi tsetup, yothera ndi .tar.xz, yosafika 100 MB. Mu foda ya Downloads idineni ndi batani la kumanja, Extract Here. Mutuluka foda yotchedwa Telegram, mkati mwake muli mafayilo awiri, Telegram ndi Updater. Musanatsegule, isamutseni foda yonseyo kuchoka mu Downloads kupita mu Home. Ndikunena izi chifukwa tsiku lina mudzafuna kusesa Downloads, ndipo pulogalamuyo idzapita limodzi ndi zinyalala. Ikakhala pamalo pake dinani kawiri fayilo ya Telegram. Ikatseguka koyamba imadzilembetsa yokha mu Menu. Siipempha pasiwedi ya makina, ndipo imadzikonza yokha kudzera mu Updater uja.

Fayilo ya tsetup ija musaifufute msanga. Ikopereni pa fulashi, chifukwa aphunzitsi anzanu a Linux akhoza kuikira pomwepo osagula bandulo. Ingokumbukirani kuti mukugawa tsetup yosatsegula, osati mafoda a m'makina mwanu.

Polowa, pafoni pitani Settings, Devices, Link Desktop Device, n'kuloza QR code. Kenako, musanatsegule gulu lililonse, pa laputopu pitani Settings, Advanced, Automatic media download, muzimitse mavidiyo ndi mafayilo m'magulu ndi m'ma channel. Magulu a manotsi aja anthu amaponyamo chilichonse, mabuku athunthu, mavidiyo a ukwati, maulaliki, ndipo Telegram ikasiyidwa imayamba kutsitsa mukangodutsamo. Zimene mwasankha nokha zimakagwera mu Downloads, mu foda ya Telegram Desktop. Macheza a Secret Chat a pafoni simuwaona pa laputopu, amakhala pa chipangizo chimene anayambira. Si vuto la Linux. Ngati pali amene amakulemberani pa Signal, nayonso ili ndi ya Linux yochokera kwa eni ake, malamulo oikira ali pa signal.org.

Facebook chitani monga WhatsApp: Web App ya facebook.com, kapena tabu wamba mu Firefox, zimene pa 4 GB ndingakonde. Tsambali ndi lolemera, ndiye mu Settings yake zimitsani zoti mavidiyo aziyamba okha. Chimodzimodzi X (imene kale inali Twitter), Instagram ndi TikTok.

Mwina mukafufuza pa intaneti mupeza malangizo oika mapulogalamu onga Gwibber, Hotot, Turpial, Corebird kapena Cawbird, ndi zithunzi zokopa za Facebook ndi Twitter zili pa windo limodzi. Zinalikodi. Ubuntu 10.04 ya mu 2010 inkabwera ndi Gwibber, munthu n'kumawerenga Twitter ndi Facebook osatsegula browser. TweetDeck inkayenda pa Linux kudzera mu Adobe AIR, mpaka Adobe inasiya AIR ya Linux mu 2011, chaka chomwe Twitter inagula TweetDeck. Mapulogalamu amenewa sankatsegula tsamba; ankalankhula ndi makompyuta a kampaniyo kudzera pa khomo lotchedwa API, n'kujambula mauthengawo mwa njira yawo. Anali opepuka, opanda zotsatsa malonda, ndipo n'zosadabwitsa kuti eni makampani sanawakonde. Corebird inaima mu 2018 Twitter itachotsa mbali ya API imene inkadalira. Cawbird inatola pomwepo, koma mu Januwale 2023 Twitter inatsekera kunja mapulogalamu onse a anthu apadera, ndipo inafa pamodzi ndi Tweetbot ndi Twitterrific za pa iPhone. Palibe lamulo la mu Terminal limene lingawadzutse. Kumene mtundu umenewu ukadali wamoyo ndi ku Mastodon, malo ochezera ofanana ndi Twitter, imene inayamba mu 2016 ndipo khomo lake ndi lotsegukira aliyense. Kumeneko kuli Tuba ndi Tokodon, zabwino ndithu. Koma makolo a ana anu sali ku Mastodon, ndiye tisachedwepo.

Malangizo akalewo kuopsa kwake sikungolephera kokha. Ambiri amayamba ndi sudo add-apt-repository ppa: kenako dzina. Lamuloli limawonjeza nkhokwe ya munthu wapadera pa mndandanda wa kumene makina anu amatenga katundu. Nkhokweyo ikakhala kuti inasiyidwa zaka zapitazo, Update Manager imayamba kudandaula tsiku lililonse kuti "does not have a Release file". Ngati mwagweramo kale, tsegulani Software Sources, pitani pa PPAs, ichotseni, vuto latha. Muziyang'ana chaka cha malangizo ndi mtundu wa Ubuntu kapena Mint umene akunena. Ndipo lamulo lililonse loyamba ndi sudo (mawu opereka ulamuliro pa makina onse) limene simukulimvetsa, makamaka lotenga kanthu pa intaneti n'kukayendetsa nthawi yomweyo, lisiyeni mpaka mayeso a mnyamata uja atatha.

Pali mavuto awiri a makina akale amene ndimakumana nawo kawirikawiri kuno, ndipo onse amaoneka ngati pulogalamu ndiyo yalakwa. Loyamba ndi wotchi. M'kati mwa laputopu muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri CR2032, kosunga tsiku ndi nthawi makina akazima. Kakatha, ndipo batire lalikulu nalonso litafa, laputopu imadzuka ikuganiza kuti tili chaka china chakale. Zikatero Firefox imakana WhatsApp Web ndi chenjezo la chitetezo, Update Manager imati "not valid yet", munthu n'kumatukwana netiweki. Yang'anani pakona ya kumanja pansi. Ngati deti ndi lolakwika, tsegulani Date & Time, dera likhale Africa/Blantyre, yatsani Network time. Kabatireko okonza makompyuta m'tauni amasintha, ngakhale pa malaputopu ena kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki ndi kawaya kake, ndiye pitani ndi makinawo m'malo mokagula pa maso.

Lachiwiri ndi magetsi. Ngati batire lanu ndi lija longogwira mphindi zisanu, musayambe kuika kapena kukonza mapulogalamu mitambo itatsika paphiri ndipo kukugunda. Magetsi akazima ntchito ili pakati, katundu amatsala theka, ndipo Software Manager imakana china chilichonse. Si imfa ya makina. Mu Terminal lembani awiriwa, limodzi likatha linzake:

sudo dpkg --configure -a

sudo apt --fix-broken install

Loyamba limamaliza zimene zinatsala panjira, lachiwiri limatenga zosowa. Mukakopera lamulo, mu Terminal mumamata ndi Ctrl, Shift ndi V. Ctrl ndi V yokha siigwira. Mukaona "Could not get lock", ndiye kuti Update Manager kapena Software Manager ikugwira ntchito kumbali. Itsekeni kapena dikirani mphindi zingapo. Musafufute fayilo ya lock monga ena amalangizira, ndi mmene zinthu zimathyokera zenizeni.

Chotsala ndi anthu. Foni imakhala m'chikwama mwanu, koma laputopu imatsala patebulo mu staff room belu likalira, kunyumba ana amaonerapo makatuni, mnzanu amabwereka kuti alembe malikisi. WhatsApp ndi Telegram zikalumikizidwa sizifunsanso kanthu, wotsegula aliyense amawerenga zonse ndipo akhoza kulemba m'dzina lanu. Zolowerani kudina Ctrl, Alt ndi L mukamanyamuka, sikirini imakhomeka. Ana ndi obwereka apangireni akaunti yawo mu Users and Groups, ya mtundu wa Standard, kuti asaone zanu ndiponso asathe kuika mapulogalamu m'makina onse. Mu Telegram ikani Local passcode, ili pa Privacy and Security. Imeneyi ndi yofunika kuposa mmene imaonekera: chilolezo chanu cholowera chimasungidwa mu foda yobisika yotchedwa tdata, ndipo popanda passcode munthu woikopera pa fulashi akhoza kukatsegula Telegram yanu pa makina ena osafunsidwa khodi.

Pafoni yatsani Two-step verification, pa WhatsApp ndi PIN ya manambala 6, pa Telegram ndi pasiwedi. Akuba a masiku ano safuna laputopu yanu. Amalemba ngati mnzanu, amati ndatumiza khodi kwa inu molakwitsa, tandiwerengereni. Kapena amakutumizani patsamba lonamizira kuvota kapena kuona chithunzi, n'kukuuzani kuti mulembe khodi mu Linked devices. Mukatero mwalumikiza kompyuta yawo monga munalumikizira yanu, ndipo madzulo ake gulu la makolo lilandira uthenga wochokera kwa aphunzitsi wopempha ndalama ya mayeso pa Mpamba kapena Airtel Money. Khodi ya 8 ija muziilemba pokhapokha ikuoneka pa sikirini ya laputopu yanu, mutaipempha nokha.

Kamodzi pa mwezi tsegulani Linked devices pa WhatsApp ndi Devices pa Telegram. Muyenera kuona laputopu yanu yokha, yolembedwa ngati Firefox kapena Telegram Desktop, ndi nthawi imene inagwira ntchito komaliza. China chilichonse chachilendo chidineni n'kuchitulutsa. Pamalo pomwepo ndi pamene muzitulutsira laputopuyo musanaipereke kwa okonza, kapena ikabedwa. Zimatheka kuchokera pafoni ngakhale makinawo ali kutali, ndipo ikabwerera mumangolozanso kamera pa QR code.